Mutu 18: Kulimbirana Pakati pa Zolengedwa

Mvula yoyamba ikagwa, mlimi amadzala chimanga chake m'mizere yoyera bwino, yopanda ngakhale kaudzu kamodzi. Koma pasanathe masabata awiri, munda wonse umakhala utabiriwira ndi zomera zimene iye sanadzale. Chisoso, khovani, dawe ndi bonongwe zimatuluka pamodzi ndi chimangacho. Mwa zomera zimenezi palibe chimene chimaluma chimanga kapena kuchithyola. Komabe mlimi akachedwa kupalira, chimanga chimachita chikasu, chimaonda ngati bango, ndipo pa nthawi yokolola mwini munda amangopezamo tichimanga tonyozoloka tosadzaza ndi dengu lomwe.

Nanga chaononga chimangacho nchiyani? Yankho lake nlakuti chimanga ndi udzu zimafuna zinthu zofanana. Zonse zimafuna madzi, chakudya cha m'nthaka, kuwala kwa dzuwa ndi malo otambasulirapo mizu. Zinthu zimenezi m'munda zilimo, koma zili ndi malire. Madzi amene khovani wamwa, chimanga sichingawamwenso. Kuwala kumene masamba a chisoso atchinga sikungafike pa kambewu kamene kali pansi pake. Zolengedwa ziwiri zikamafuna chinthu chimodzi chimene sichingakwanire zonse, akatswiri a sayansi amati zikulimbirana.

Kulimbirana kumachitika ngakhale pakati pa zolengedwa za mtundu umodzi. Ichi ndicho chifukwa chake mlimi amapatulira chimanga chikathinana pa phando. Koma kulimbirana kumene kumasintha nkhope ya dziko ndi kwa pakati pa mitundu yosiyana, pakuti kumeneko mtundu wina ungathe kutheratu pamalopo.

Amene anaonetsa zimenezi poyera ndi katswiri wina wa ku Russia, dzina lake Georgy Gause, m'zaka za m'ma 1930. Iye anatenga mitundu iwiri ya tizilombo ta m'madzi, tochepetsetsa kotero kuti timaoneka bwino ndi makina okulitsa zinthu. Poyamba anaika mtundu uliwonse m'kabotolo kakekake, naupatsa chakudya chofanana tsiku ndi tsiku. Mitundu yonse iwiri inaswana bwino lomwe. Kenaka anaisakaniza m'kabotolo kamodzi, chakudya chili chomwecho. Patapita masabata owerengeka, mtundu umodzi unatha, winawo nkutsala wokha. Sikuti wotsalawo unadya unzake ayi. Unali chabe wofulumira kupeza chakudya ndi kuswana, motero unzakewo unafa ndi njala. Gause atayesanso ndi mitundu ina iwiri, wina wokonda kudyera pansi pa kabotolo, wina wodyera m'madzi a pamwamba, mitundu iwiriyo inakhalira limodzi osathana. Apa mpamene panaoneka kuti mitundu iwiri yodya chakudya chimodzi, pa malo amodzi ndiponso mwa njira imodzi, siingakhalire limodzi nthawi yaitali.

Tsono munthu angafunse kuti, ngati zili tero, bwanji m'tchire muli nyama ndi mbalame za mitundu yambirimbiri? Bwanji mtundu umodzi sunapitikitse ina yonse? Chifukwa chake nchakuti zolengedwa zimene zakhalira limodzi kwa zaka zikwizikwi zimasiyana m'kadyedwe, ngati kuti zinagawana ntchito.

Zina zimagawana nthawi. Anamzeze ndi mileme ing'onoing'ono onse amadya tizilombo touluka, koma anamzeze amasaka usana, mileme nkutulukira madzulo anamzeze atapita kukagona. Kabawi ndi kadzidzi nawonso amasinthana motero posaka mbewa. Zina zimagawana malo. Ku nkhalango ya Majete nyamalikiti imadya nsonga za mitengo, ngoma imabudula masamba a m'munsi mwake, njati imadya udzu, pamene njiri imagwada ndi kufukula mizu. Kambuku amadziwa kuti sangalimbane ndi mkango kapena gulu la afisi, choncho akagwira nyama amaikweza mumtengo ndi kukadyera m'mwamba. M'Nyanja ya Malawi, tinsomba ta mbuna ta mitundu yambiri timapezeka pa thanthwe limodzi. Tina tili ndi pakamwa popalira ndere pa mwala, tina timatola tizilombo m'ming'alu, ndipo tina timadya za m'madzi oyandikana ndi thanthwelo.

Alimi a m'chigawo cha kummwera anaizindikira kale nzeru imeneyi, ngakhale sanaiwerenge m'buku. Iwo amadzala nandolo m'munda wa chimanga. Chimanga chimakula msanga, ndipo mizu yake yambiri imakhala pafupi ndi pamwamba pa nthaka. Nandolo amakula pang'onopang'ono, muzu wake ukulowa pansi kwambiri kumene chimanga sichifika. Chimanga chikakololedwa, mpamene nandolo amatambasula nthambi zake ndi kuchita maluwa. Mbewu ziwirizi zili m'munda umodzi, koma sizilandana kwenikweni.

Mgwirizano wotere umasokonekera pamene pafika mlendo amene sanakulire limodzi ndi eni malo. M'dziko la Malawi mlendo wotchuka wa mtundu umenewu ndi namasupuni, chomera choyandama chimene chimapezeka mu mtsinje wa Shire.

Mtsinje wa Shire umatuluka m'Nyanja ya Malawi pafupi ndi Mangochi, umadutsa m'nyanja ya Malombe, nkupyola ku Liwonde, kenaka umatsika m'mathithi mpaka kukafika ku chigwa cha Chikwawa ndi Nsanje. Utayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 400, umakathira mu Zambezi m'dziko la Mozambique. Ku chigwako madzi amayenda mwaulesi ndipo amamwazika m'madambo akuluakulu awiri, la Elephant Marsh ndi la Ndindi. Dambo loyambalo analipatsa dzinali ndi David Livingstone mu 1859, chifukwa anaonapo njovu zochuluka zedi. Lero njovuzo kulibe, koma mvuu, ng'ona, nsomba ndi mbalame za m'madzi zilipobe.

Kuyambira kale zomera za m'madambo amenewa zinali ndi malo akeake. Bango ndi gumbwa zimamera m'mphepete ndi m'malo osaya. M'maiwe a madzi odekha mumamera kakombo. Tsinde la kakombo limakhala lokwiririka m'matope, ndipo kuchokera pamenepo timapesi tatitali timakwera mpaka pamwamba pa madzi, pamene masamba ake ozungulira amagona chafufumimba kuti aothere dzuwa. Pakati pa masambawo pamatsala mipata yolowera kuwala. Kuwala kumeneko ndiko kumameretsa ndere ndi zomera zina za pansi pa madzi, zimene nsomba monga mphende ndi makumba zimadya.

Kakombo ndi wofunika kwa anthu a ku chigwa kuposa mmene mlendo angaganizire. Pansi pake pamakhala zinthu zonga mbatata, zimene anthu a kumeneko amazitcha nyika. Chaka cha chilala kapena cha madzi osefukira, nkhokwe zikakhala zopanda kanthu, mabanja ambiri amapita ku dambo kukazula nyika. Ntchitoyi ndi yoopsa chifukwa cha ng'ona, koma nyika zapulumutsa anthu ambiri pa nthawi ya njala.

Namasupuni kwao ndi ku South America, m'chigwa cha mtsinje waukulu wa Amazon. Dzina lakuti namasupuni analipatsidwa kuno chifukwa masamba ake amafanana ndi supuni. Ali ndi maluwa okongola kwambiri, obiriwira ngati thambo koma ofiirira pang'ono, ndipo duwa lililonse lili ndi kadontho kachikasu. Kukongola kumeneku ndiko kunamuyendetsa dziko lonse, pakuti anthu ankamunyamula kukamuika m'timaiwe tokongoletsa pakhomo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chomeracho chitachuluka m'timaiwemo, chinatayidwa kapena kukokoloka ndi madzi mpaka kulowa m'mitsinje. Ku Malawi chinaoneka koyamba kumunsi kwa Shire cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1990 chinali chitafika kumtunda kwa mtsinjewu ndi ku nyanja ya Malombe.

Pofuna kumvetsa chifukwa chake namasupuni amagonjetsa zomera zinzake, nkofunika kumuyang'anitsitsa. Munthu akamuvuula m'madzi ndi kung'amba phesi la tsamba lake, amapeza kuti m'kati mwake ndi mofewa ndiponso muli timabowo tambirimbiri todzaza ndi mpweya. Timabowo timeneti ndito timamuyandamitsa. Mizu yake, yakuda ndi yanyenyeswa ngati nthenga, simafika pansi. Imangolendewera m'madzi ndi kumayamwa chakudya chimene chasungunuka m'madzimo. Motero namasupuni sasowa nthaka. Madzi akakwera, iye amakwera nawo. Mphepo ikaomba, masamba ake amakhala ngati matanga a ngalawa, ndipo amasamuka kupita ku malo atsopano. Kakombo sangachite zimenezi, popeza ndi womangirira m'matope.

Chachiwiri ndi kaswanidwe kake. Namasupuni sadikira kuti abale njere. Kuchokera pa tsinde lake pamatuluka kamphukira koyenda chopingasa pamwamba pa madzi, ndipo kunsonga kwake kumamera mwana. Mwanayo naye amatulutsa ana ake asanalekane ndi make. Kukakhala kotentha ndipo madzi ali ndi chakudya chokwanira, chiwerengero cha zomerazi chimawirikiza kawiri pa masabata awiri okha. Ndiye kuti chomera chimodzi chimasanduka ziwiri, pakutha pa mwezi zinayi, ndipo pakatha masabata 20 popanda chozisokoneza zimakhala zitapitirira 1,000. Zonsezo zimalukana mizu ndi mapesi nkupanga chimphasa chochindikala chophimba madzi. Pamene zathinana kwambiri, masamba amakula choimirira mpaka kufika m'chiuno mwa munthu wamkulu.

Apa mpamene kulimbirana kumafika poipa. Chinthu choyamba chimene namasupuni amalanda ndi kuwala kwa dzuwa. Masamba a kakombo, amene amagona pa madzi, amaphimbidwa ndi mthunzi kapena kukankhidwira pansi. Kakombo amayesa kutulutsa masamba ena pogwiritsa ntchito chakudya chimene anasunga m'nyika zake, koma masambawo akafika pamwamba amapeza potseka. Chakudya chosungacho chikatha, chomera chimafa. Pansi pa chimphasacho pamakhala mdima usana ndi usiku, motero ndere ndi zomera za pansi pa madzi nazonso zimatha.

Chinthu chachiwiri chimene chimasowa ndi mpweya. Nsomba zimapuma mpweya wa okosijeni umene umasungunuka m'madzi. Mpweya umenewu umalowa m'madzi mphepo ikamawagwedeza, ndipo wina umachokera ku zomera zobiriwira za pansi pa madzi dzuwa likamaziwalira. Namasupuni amatseka njira zonse ziwiri. Kuonjezera apo, masamba ndi mizu yake yakufa imamira ndi kuolera pansi, ndipo kuola kumeneko kumatha mpweya wotsalawo. Mphende ndi makumba zimathawa pa malo otero. Mlamba uli ndi mwai pang'ono chifukwa umatha kutulutsa mutu ndi kumeza mpweya wa kunja. Nkhwazi, imene imasaka poona nsomba kuchokera m'mwamba, imangoona masamba okhaokha, ndipo imakasaka kwina.

Sikuti zolengedwa zonse zimadandaula naye mlendoyu. Udzudzu umakonda madzi odekha a pakati pa masamba ake, ndipo nkhono zimene zimafalitsa likodzo zimabisala m'mizu yake. Tsoka lake nlakuti amene amapindula ndi omwewo amene amadwalitsa anthu.

Koma funso lalikulu nali: ngati namasupuni ali wamphamvu chotere, bwanji sanatseke mtsinje wa Amazon, kwao kwenikweni? Kumeneko iye ndi chomera wamba pakati pa zinzake. Kuli tizilombo ndi matenda amene akhala akumudya kuyambira kalekale, kotero kuti sachuluka mopitirira muyeso. Anthu amene anamuolotsa nyanja anatenga duwa lokha, adani ake nkuwasiya. Atafika mu Africa anapeza zomera za kuno zili ndi adani awo, ena ozidya masamba, ena ozidya mizu, pamene iye analibe womukhudza. Mpikisano wotere si wachilungamo. Uli ngati liwiro la anyamata awiri, wina atasenza mtolo wa nkhuni, wina ali chimanjamanja.

Anthu nawo amamuthandiza osadziwa. Mitengo ikadulidwa m'mapiri ndipo minda ikalimidwa mpaka m'mphepete mwa mtsinje, mvula imakokolola nthaka yachonde pamodzi ndi feteleza nkukazithira m'madzi. Zonyansa zochokera m'mizinda zimalowanso momwemo. Zonsezi kwa namasupuni ndi chakudya. Nchifukwa chake iye amakondwa m'madzi odekha ndi a litsiro, koma sachita bwino pakati pa Nyanja ya Malawi, pamene madzi ndi oyera ndipo mafunde a mwera amamumwaza.

Amati mlendo ndi mame, koma mlendo uyu sanakamuke dzuwa litatuluka. Asodzi anayamba kulephera kupalasa mabwato awo, maukonde ankakodwa, ndipo madooko ena anatsekeka. Vuto linafikanso kwa anthu okhala kutali ndi mtsinje. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa ndi madzi a Shire pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Nthawi ya dzinja zidutswa zikuluzikulu za namasupuni ndi udzu wina zimayandama kutsika ndi mtsinje, nkukatseka zitsulo zosefera madzi olowa m'makina. Makinawo akaima, mizinda imakhala mu mdima. Maiko enanso anaona zomwezi. Pa nyanja ya Victoria, kumene chomerachi chinafika cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, dooko la Kisumu ku Kenya linatsekeka mu 1997 ndi 1998 kotero kuti ngalawa zinkavutika kulowa ndi kutuluka.

Njira yoyamba imene anthu anayesa ndiyo kumuvuula ndi manja ndi kumuunjika pamtunda kuti aume. Njirayi imathandiza pa dooko kapena potunga madzi, koma siingayeretse dambo lonse, popeza chomera chimaswana mofulumira kuposa manja ochichotsa. Mankhwala ophera udzu aliko, koma ndi odula, ndiponso si nzeru kuwathira m'madzi amene anthu amamwa ndi kuphamo nsomba.

Tsono akatswiri anaganiza kuti, popeza mphamvu ya namasupuni yagona pa kusowa adani, kunali bwino kukatenga adaniwo kwao. Ku South America kuli tizilombo tiwiri totchedwa Neochetina, tofanana ndi nankafumbwe wa m'chimanga koma tokulirapo. Tisanatumizidwe ku maiko ena, tinayesedwa kwa nthawi yaitali pofuna kutsimikiza kuti sitingatembenukire mpunga, chimanga, nthochi kapena mbewu zina. Kusamala kumeneku kunali koyenera, chifukwa kuitana mlendo wachiwiri kuti adzathamangitse woyamba kungathe kubala mavuto awiri m'malo mwa limodzi. Zitaoneka kuti moyo wa tizilomboti umadalira namasupuni, tinabweretsedwa ku Malawi cha pakati pa zaka za m'ma 1990, ndipo tinaswanitsidwa ndi kumwazidwa mu Shire.

Kagwiridwe ntchito ka tizilomboti nkochititsa chidwi. Tatikulu timabisala usana, ndipo usiku timatuluka kudzapala masamba, nkusiya timabala tambirimbiri. Tatikazi timaikira mazira m'mapesi. Mazirawo akaswa, mphutsi zimaboola phesi kutsikira ku tsinde, zikudya m'kati. Madzi ndi matenda zimalowera m'mabowomo, timabowo ta mpweya tija timaonongeka, ndipo chomeracho chimafooka, chimachepetsa kubala ana ndi maluwa, mwinanso kumira kumene. Ntchitoyi si ya tsiku limodzi. Pamapita zaka zingapo kuti tizilombo tichuluke mokwanira. Ndiponso sitimutheratu namasupuni, koma timamusenzetsa mtolo wonga umene zomera zinzake zasenza. Akafooka motero, mipata imatseguka pa madzi, kuwala kumalowanso, ndipo kakombo ndi ndere zimapeza mwai wobwerera. Pa nyanja ya Victoria namasupuni anachepa kwambiri pofika chaka cha 2000. Akatswiri amati tizilomboti tinathandiza, pamodzi ndi mvula yamphamvu ndi mafunde a zaka za 1997 ndi 1998.

Pali chinthu china chodabwitsa chimene chimaoneka pa chimphasa cha namasupuni chikakalamba. Fumbi ndi masamba oola zimaunjikana pamwamba pake mpaka kukhala ngati kamunda koyandama. Udzu wautali wa m'madzi, umene mvuu zimakonda, umayamba kumera pamenepo, ndipo nthawi zina gumbwa amatsatira. Udzuwo ukatalika umatchinga dzuwa, ndipo namasupuni amene ali pansi pake amafa imfa yomweyo imene iye anaphera kakombo. Zilumba zoyandama zimene zimatsika ndi Shire nthawi ya dzinja kawirikawiri zimakhala zosakanizika motero.

Ngakhale zili choncho, namasupuni sanachoke mu Shire. Maluwa ake akafota, phesi limawerama ndi kugwetsera njere m'madzi. Njerezo zimamira ndi kugona m'matope, ndipo zingathe kukhala zamoyo kwa zaka 20. Dambo likaphwa nthawi ya chilala kenaka nkudzalanso madzi, njere zija zimamera, ndipo tizilombo timayenera kuyambanso kuchuluka kuti tizipeze. Pa Liwonde, pafupi ndi Kamuzu Barrage, anatchinga mtsinje ndi chingwe choyandama chokola udzu. Chaka chilichonse mvula ikayamba, makina amavuula milumilu ya namasupuni ndi udzu wina pamenepo, ndipo magalimoto amakazitaya kumtunda zisanafike ku Nkula.

Mafunso

1. Tchulani zinthu zinayi zimene chimanga ndi udzu zimalimbirana m'munda.
2. Kodi chinachitika nchiyani pamene Gause anaika mitundu iwiri ya tizilombo m'kabotolo kamodzi? Nanga nchifukwa ninji mitundu ina iwiri ija sinathane?
3. Fotokozani mmene anamzeze ndi mileme amagawanirana chakudya.
4. Nchifukwa chiyani nandolo salimbirana kwambiri ndi chimanga?
5. Kodi namasupuni kwao nkuti, ndipo anafalikira bwanji ku maiko ena?
6. Nchiyani chimathandiza namasupuni kuyandama?
7. Fotokozani mmene namasupuni amaphera kakombo popanda kumudya.
8. Kodi nyika nzofunika bwanji kwa anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje?
9. Nchifukwa ninji akatswiri anayamba ayesa tizilombo ta Neochetina asanatimwaze mu mtsinje?
10. Mukuganiza kuti kudula mitengo m'mapiri kukukhudzana bwanji ndi kuchuluka kwa namasupuni?

Matanthauzo a mau

Pezani mau awa m'nkhaniyi ndipo perekani matanthauzo ake. Kenaka pangani ziganizo zanuzanu ndi mau asanu mwa iwo: kulimbirana, kupatulira, phando, kubudula, ndere, dooko, kuvuula, chimanjamanja, kuphwa, kukamuka.

Miyambi

M'nkhaniyi muli miyambi iwiri. Ipezeni, ndipo fotokozani mmene uliwonse ukugwirizanira ndi namasupuni. Funsani makolo kapena agogo anu kuti akuuzeni mwambi wina wonena za mlendo.

Chilankhulo

Sinthani ziganizo izi kuti zinene za zinthu zambiri.
Chitsanzo: Mlamba umameza mpweya. Milamba imameza mpweya.

(a) Tsamba lagona pa madzi.
(b) Msodzi akupalasa bwato lake.
(c) Chomera chafa ndi mthunzi.
(d) Kachilombo kaboola phesi.
(e) Muzu ukulendewera m'madzi.

Ntchito yoti muchite

Tengani zitini ziwiri zofanana, muziboole pansi ndi kuthiramo dothi lofanana. M'chitini choyamba dzalani njere imodzi ya chimanga. M'chitini chachiwiri dzalani njere imodzi ya chimanga pamodzi ndi njere zambiri za chisoso kapena bonongwe. Ikani zitinizo pa dzuwa ndipo muzizithirira madzi ofanana. Sabata iliyonse yezani kutalika kwa chimanga ndi kuona mtundu wa masamba ake. Lembani zimene mwapeza m'makope mwanu kwa masabata asanu, ndipo mudzafotokozere anzanu m'kalasi.

Chimangirizo

Lembani chimangirizo cha ndime zitatu pa mutu uwu: "Chomera chimene chimavutitsa alimi kapena asodzi kwathu."